Thandizeni abale, motherboard yandipsera, ndigule B450 kapena B550?

Moni nonse m'gulu muno, ine ndili ku Mufakose kuno ku Harare ndipo ndikupempha nzeru kwa odziwa za makompyuta. Kompyuta yanga ndinaimanga ndekha mu 2020, muli CPU ya Ryzen 5 3600, RAM ya DDR4 ma 8GB awiri, khadi ya zithunzi ya GTX 1650 ndi SSD ya NVMe, board yake (motherboard, pomwe zipangizo zonse zimalumikizidwa) inali A320 yotchipa ija. Sabata yatha magetsi anathima masana nkudzabwera usiku mvula ya ziphaliwali ili mkati, mmawa ndikudina batani mafani akungotembenuka pang'ono nkuima, pa sikirini pali zii. Nditatsegula fungo lopserera linandilandira, pafupi ndi polowa waya wa 8 pin uja pali kachipangizo kamodzi kakuda kosweka pakati ndipo board yachita mwaye mozungulira.

Makina amenewa ndi amene ndimadyera abale, ndimapangira makhadi a ukwati, mapulogalamu a pamaliro ndi ma poster a kutchalitchi, ndiye Disembala ikubwerayi ntchito za anthu zangoima ena anapereka kale ndalama. M'thumba ndili ndi madola 120 basi. Mtauni ndaona board ya B450 yogwirapo kale ntchito yotsika mtengo, ndaonanso B550M yatsopano m'bokosi yomwe ingamalize ndalama yonseyi, koma mnyamata wina wogulitsa akuti AM4, socket yomwe CPU yanga imalowamo pa board, yatha ntchito ndingosamukira ku AM5. Nditani? Komanso Windows yanga ndi mafayilo a makasitomala zipulumuka ndikasintha board?

Mayankho

Wa ku Highfield: Pepani achimwene. Za AM5 zo musamvere, akungofuna kukugulitsani katundu. AM5 ndi socket ina, 3600 yanuyo silowamo ndipo imafuna DDR5 yokha, ndiye mugula board, CPU ndi RAM zonse zatsopano, 120 yo sifika ngakhale pakati. Khalani pa AM4 pomwepo, B450, A520, B550 ndi X570 zonse zimalandira 3600.

Mkulu wokonza makompyuta ku Mbare: Musanatulutse ndalama yambani mwayesa power supply, bokosi lomwe limapereka magetsi ku zipangizo za m'kompyuta. Ndaona anthu ambiri akugula board yatsopano nkuilumikiza ku power supply yomwe inapha yoyambayo, mawa lake abweranso akulira. Magetsi oipa amadutsira mmenemo asanafike pa board. Power supply yo ichotseni, pa waya wake wa 24 pin lumikizani waya wobiriwira ndi wakuda uliwonse ndi kawaya kopinda, muyatse muone ngati fani izungulira, koma dziwani kuti kuzungulirako kumangosonyeza kuti yadzuka, sikuti ili bwino, pamafunika multimeter, choyezera magetsi, muone ngati wachikasu akupereka 12V, wofiira 5V, wa orenji 3.3V. Ndipo musaitsegule mkati chonde, ma capacitor ake amasunga moto ngakhale mutazula ku khoma. Chinanso, popsa pamene mwanenapo ndi pa VRM, gawo lomwe limadyetsa CPU, ndiye CPU yo kaiyeseni pa board ya munthu wina kaye. Ikakhala kuti nayo inapita, nkhani yonse yasintha.

Mwini funso: Zikomo akulu, power supply yake ndi ija inabwera ndi kesi, ilibe ndi dzina lomwe. Multimeter ndibwereka kwa aneba amakonza mawailesi.

Mkulu wokonza makompyuta ku Mbare: Ngati ndi yopanda dzina ine ndingati itayeni ngakhale ipezeke ikugwira. Apa ndiye bajeti yanu igaweni pawiri, board yotsikirapo ndi power supply yabwino ya 450W kapena 550W, imakwana bwinobwino pa 3600 ndi 1650.

Mayi wa ku Dzivarasekwa: Ine ndimagwira ntchito ngati yanuyi ndipo ndili pa B450 mpaka lero, palibe chomwe ndimasowa. Chimene B550 imaposa kwenikweni ndi PCIe 4.0, kulumikiza kothamanga kwambiri, pa khadi ya zithunzi ndi pa M.2 yoyamba (polowa SSD), koma GTX 1650 ndi ya PCIe 3.0 ndiye simuona kusiyana kulikonse. Chenjezo langa ndi la BIOS, pulogalamu ya mkati mwa board yomwe imazindikira CPU, B450 inatuluka 2018 pomwe 3600 inabwera 2019, ndiye board yakale yomwe sinasinthidwe BIOS siidziwa CPU yanuyo, muyatsa mafani azizungulira sikirini ili bii muziganiza kuti akuberani. Yang'anani pa bokosi ngati palembedwa Ryzen 3000 Desktop Ready, za MSI zokhala ndi MAX kumapeto kwa dzina zimabwera zokonzeka kale, kapena pezani yokhala ndi kabatani ka flash BIOS kumbuyo komwe mumangoika flash disk popanda CPU.

Wa ku Epworth: Ine sindikugwirizana nanu mayi, yakale ayi. Board yogwirapo ntchito kuno sudziwa yadutsa m'magetsi otani, mwina nayo inamenyedwapo ikungodikira tsiku. Bola A520 yatsopano ya risiti, inatuluka 2020 ndipo 3600 imaidziwa kuchokera m'bokosi, chomwe ilibe kwenikweni ndi overclock (kuthamangitsa CPU kuposa liwiro lake), nanga munthu wopanga makhadi a ukwati overclock achita nayo chani.

Mayi wa ku Dzivarasekwa: Zoona achimwene A520 si yoipa, koma ena a ife yatsopano sitiikwanitsa. Akagula yakale apite ndi CPU, RAM ndi khadi yawo, wogulitsayo ayatse pamaso pawo mpaka alowe mu BIOS, ayese ma slot onse a RAM ndi ma USB akumbuyo. Akakana kuyesa musiyeni.

Wa ku Highfield: Kumbukiraninso kuti 3600 ilibe graphics mkati, HDMI ya pa board situlutsa kanthu, waya azilowa pa GTX po. Ndipo yezani kesi yanu, micro-ATX ndi 244mm mbali zonse pomwe ATX ndi 305 kwa 244, ngati kesi ndi yaing'ono ATX silowa. Pochotsa cooler muipotoze pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere musanakoke, paste ikauma imazula CPU mu socket ndipo timapini ta AM4 tili pa CPU pomwepo, tikapindika ndi misozi. Kachitsulo ka kuseri kwa board yakufayo musataye, cooler ya AMD ija imamangira pamenepo ndipo ma board akale ambiri amagulitsidwa kalibe.

Wa ku Glen Norah: Za mafayilo musade nkhawa, ali pa SSD osati pa board, ngati SSD sinapse muwapeza onse, koma SSD yo ikani mu kabokosi ka USB mukopere kaye pa kompyuta ina. Windows imamangirira laisensi ku motherboard ndiye ikhoza kunena kuti sinali activated, ngati munalumikiza ndi akaunti ya Microsoft pitani pa activation troubleshooter musankhe kuti mwasintha hardware. Ngati muli pa Windows 11 onani kuti fTPM, mbali ya chitetezo yomwe Windows 11 imafuna, ndi yoyatsa mu BIOS.

Mwini funso: Mwandimasula abale, Mulungu akudalitseni. Mawa ndikwera kombi ndi CPU ndi RAM kukayesetsa, zikakhala zamoyo nditenga A520 kapena B450 ya MAX ndi power supply yatsopano, B550 ndaisiya. Funso lina, ndalama yotsalayo ndigule surge protector (yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu) kapena ndisunge mpaka ikwane UPS (ya batire yosunga magetsi akathima)?

Mkulu wokonza makompyuta ku Mbare: Surge protector lero lomwe, yeniyeni yolembedwa ma joules osati adaputa wamba wa switch yofiira, UPS idzabwere ntchito za Disembala zikalipira. Koma magetsi akathima kapena kukayamba kugunda zulani pulagi ku khoma pamodzi ndi waya wa intaneti, mphezi ikagwa pafupi palibe protector yomwe imaimitsa.