Rauta ya graceful restart ndigule kapena ayi?

Wa ku Ngabu: Mabwana ndithandizeni nzeru. Ndili ndi matawa atatu a wayalesi, Ngabu, Nchalo ndi Bangula, onse akuyendera OSPF, njira imene ma rauta amauzirana komwe traffic idutse. Wogulitsa wina akundiumiriza rauta yodula ya graceful restart (yoti ikamayambiranso traffic isaime), akuti ndikamapanga update makasitomala sadzadziwa n'komwe. Koma mtengo wake eeh.

Wa ku Nchalo: Achimwene chinthucho chimagwiradi ntchito koma mumvetse kaye. Rauta ikafuna kuyambiranso imatumiza uthenga wotchedwa grace LSA kwa ma neighbour, ma rauta olumikizana nayo, kuti musandichotse ndikubwera, iwo amakhala ma helper nkumapitiriza kuitumizira traffic. Nthawi yodikira nthawi zambiri ndi masekondi 120, RFC 3623, chikalata cha malamulo ake, imalola mpaka 1800. Koma zonsezi ndi pokhapokha mbali yopititsa ma packet ikadali moyo, OSPF yokha ndiyo yagona.

Wa ku Ngabu: Nanga magetsi akathima?

Wa ku Nchalo: Ndiye palibe chake, bokosi lonse lafa basi.

Mayi wa ku Bangula: Ine mantha anga ali pa topology, mapu a momwe ma link alumikizirana. Link ina ikangogwa restart ili mkati, ma helper amasiya kudikira chifukwa mapu asintha, akapitiriza mutha kupanga loop kapena traffic kumangolowa m'dzenje. Ndiye taganizani kuno kwathu, Novembala dzuwa likuswa mtengo ma radio akutentha, Januwale mphepo yapotoza dishi link ikungogwagwa, masekondi 120 amenewo adzatha bwinobwino kangati? Ena amazimitsa strict LSA checking, yomwe imauza helper kusiya kudikira mapu akasintha, kuti helper asathawe, ine sindingayerekeze pa netiweki yomwe anthu amatumizirapo ndalama.

Wa ku Thabwa: Komabe musaipeputse mayi. Ine ndili ndi BGP, yomwe imalumikiza netiweki yanga ndi ma upstream awiri ondipatsa intaneti, session ikagwa ma route akale amasungidwa mpaka End-of-RIB ifike, chizindikiro choti ma route onse atumizidwanso, ndimapanga update masana osadikira 2 koloko usiku ndikulumidwa ndi udzudzu.

Mayi wa ku Bangula: Inuyo zikukuyenerani bambo, koma mnzathuyu alibe BGP. Chomwe chinandigwetsa ine nthawi ya Freddy mu 2023 sichinali update, anali mabatire, anatha usiku woyamba ndipo tawa sindinaifikenso madzi atadzaza msewu.

Wa ku Ngabu: Ndamva. Ndiyamba ndi mabatire ndi sola pa Bangula, kenako ndiyatse BFD kuti link ikafa izidziwika msanga. Alipo akudziwa kogula mabatire a lithium osakhala achinyengo ku Blantyre?