Zomwe tapeza pa nkhani yolowa usilikali ku America

Mwezi watha ndinafunsa ngati mng'ono wanga, yemwe ali ku America pa viza ya sukulu, angalembedwe usilikali asanakhale nzika ya dzikolo. Abale nonse amene munandiyankha, zikomo kwambiri.

Anapita yekha ku ofesi yolembera asilikali. Asanakhale n'komwe pampando anamufunsa ngati ali ndi Green Card, chiphaso chololeza munthu kukhala m'dzikomo mokhazikika. Alibe, ndiye nkhani inathera pomwepo. Viza ya sukulu kapena ya alendo siithandiza, ndipo asilikali sakonzera munthu mapepala okhalira m'dzikomo. Njira ya MAVNI imene ena munaitchula, yomwe inkalola alendo ena a luso lapadera kulowa usilikali opanda Green Card, inaimitsidwa mu 2016.

Madzulo ake anandiimbira foni, mawu ali pansipansi, buku lokonzekera mayeso olowera usilikali a ASVAB likadali chitsegulire patebulo. Zinandipweteka mumtima, chifukwa mwanayu wakhala akuthamanga m'bandakucha uliwonse pokonzekera.

Chatilimbitsa mtima n'chakuti akadzapeza Green Card adzaloledwa kufunsira usilikali, ndipo msilikali amatha kupempha unzika msanga ndi mafomu a N-400 ndi N-426, osalipira kanthu. Koma udindo wa ofesala ndi ntchito zachinsinsi amapatsa nzika zokha. Pakadali pano ndamuuza kuti amalize kaye sukulu, viza yake isawonongeke.