Mota ya turntable ikunjenjemera: fyuluta ingathandize kapena ndifune power supply yakeyake?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amene mumatsegula ma turntable (makina oimbira mbale za nyimbo) n'kuwakonza, ndithandizeni nzeru ndisanagule chinthu chosathetsa vuto.

Turntable yanga ndi ya lamba. Mota yake ndi ya AC synchronous ya ma pole 24, ija imazungulira ka 250 pa mphindi magetsi akakhala a 50 Hz. Cartridge, kachipangizo kokhala ndi singano, ndi ya moving coil, yotulutsa mphamvu yosafika theka la millivolt, ndiye phono stage, chipangizo chokulitsa mphamvuyo, imakweza chilichonse pafupifupi ka 1,000. Nyimbo ikafika pofatsa, pansi pake pamamveka kung'ung'udza kosatha, ndipo kumandipweteka mtima chifukwa mbale zina ndimazikondera malo ofatsawo.

Ndinavula lamba, n'kutsitsa singano pa mbale itangoima. Mota ikazima, kuli zii. Ndikaiyatsa, kung'ung'udza kuja kumabwera. Ndikakweza singano mota ikuyendabe, kumasowa. Waya wa ground ndi womangidwa bwino. Kwa ine izi zikusonyeza kuti phokosoli silikulowera m'mawaya, koma mota ikunjenjemera ndipo kunjenjemerako kukuyenda m'thabwa mpaka kufika pa singano.

Apa ndi pamene ndikukayikira fyuluta ya magetsi. Ntchito yake ndi kuchotsa phokoso la ma frequency apamwamba, ngati limene limachokera ku ma charger ndi mababu a LED. Koma siikhudza 50 Hz yeniyeniyo, ndipo mota ya mtunduwu liwiro lake limatsata frequency, osati voltage. Kodi alipo amene anaika fyuluta yokha, mota n'kufatsadi?

Njira ina ndi power supply yopanga yokha magetsi oyera pogwiritsa ntchito crystal, monga Lingo imene kampani ya Linn inatulutsa mu 1990 ya turntable yake ya LP12. Zoterezi zimapereka 50 Hz pa liwiro la 33⅓ ndi 67.5 Hz pa 45, choncho susunthanso lamba pa pulley. Chimene chikundikopa kwambiri n'chakuti zimatsitsa voltage mbale ikangofika pa liwiro lake, ndipo mota imanjenjemera pang'ono.

Komabe mtima wanga uli pa kapasita. Mota imeneyi ili ndi makoyilo awiri, ndipo kapasita ndi imene imasiyanitsa phase yawo ndi madigiri 90. Ikakalamba n'kusintha mlingo, makoyilo sakokanso mofanana, mota imayamba kugwedezeka. Ngati vuto ndi limeneli, kakapasita kamodzi kangathe kumaliza nkhani yonse. Inu amene munasinthapo, munangoika ya mlingo wolembedwa pa yakaleyo, kapena munayesa ingapo mutagwira mota m'manja mpaka kupeza yofatsa? Nanga timalabala tokhalira mota, tikauma, timayenera kusinthidwa limodzi?

Pa nkhani yoyeza liwiro, chonde musandiuze za strobe disc, mbale ya mizere yoonera pa babu la m'nyumba. Babulo limaphethira motsata magetsi omwewo amene akuyendetsa mota, ndiye frequency ikatsika zonse zimatsikira limodzi, mizere n'kumaoneka ngati yaima bwinobwino. Ndili ndi test record, mbale yoyesera yokhala ndi kamvekedwe ka 3,150 Hz. Ndiuzeni chimene mumayezera kamvekedwe kameneka, ndiponso ngati ndiyambire pa kapasita kapena ndipite ku power supply basi.