Za khola la kamba wanga: zimene ndachita

Masabata atatu apitawo ndinafunsa ngati mwana wa kamba wa mtundu wa Hermann angakhale bwino m'bokosi lagalasi, popeza kuno ku Leeds, ku England, kuzizira sikumulola kukhala panja. Ambiri munandilangiza kusiya galasilo, ndipo ndamvera, chifukwa kamba sazindikira galasi ndipo ankangokhalira kuligunda.

Tsopano ali m'khola lamatabwa losatseka pamwamba, limene ndathiramo dothi lopanda feteleza lakuya masentimita 8 kuti azitha kudzikwirira usiku. Pansi pa nyale yotenthetsa pamafika madigiri 32, pamene mbali inayo pamakhala pafupifupi 20, kotero amasankha yekha pokhala. Nyale ya UVB, imene imatulutsa kuwala konga kwa dzuwa, imayaka maola 12 patsiku. Popanda kuwala kumeneku thupi lake silingagwiritse ntchito kashiamu, ndipo chigoba chimafewa.

Chimene ndinkachipeputsa ndi chinyezi. Ndinkaganiza kuti kamba amafuna pouma, koma mwana akauma kwambiri chigoba chimakula ndi mabampu. Choncho m'mawa uliwonse ndimamuika m'madzi ofunda osaya kwa mphindi 15, ndipo dothi la pobisalira ndimaliwaza madzi. Dzulo anadya masamba a dandelion onse amene ndinamupatsa.