Ana anga a Fomu 4 akumira pa ma word problem, ndithandizeni aphunzitsi anzanga

Sir wa Fomu 4:
Aphunzitsi anzanga ine mutu waima. Ndangomaliza kuchonga mock, ana omwewa ukawalembera 3x + 12 = 2(x + 12) pabolodi amasova osatuluka thukuta, koma funso lomwelo ukaliika m'mawu basi zonse zabalalika. Funso linali loti zaka za bambo ndi kuchulukitsa katatu za mwana wake, pakatha zaka 12 zidzakhala kuchulukitsa kawiri, pezani zaka zawo panopa. Ambiri alemba 3x + 12 = 2x kuiwala kuti mwanayonso akukula, apeza x = -12 n'kujambula mzere kunsi kuti ndiye ansala imeneyo. Ena aiwala bulaketi apeza 0. Ena sanakhudze n'komwe, malo angokhala oyera. MSCE yayandikira ndipo linear programming ndi variation nazo zimabwera m'mawu. Inu mumatani? Za silabasi musanene, ndinamaliza kale.

Mkulu wa Dipatimenti:
Akulu, apatseni ma past paper. Tsiku lililonse mafunso atatu, mawa kuchonga. Mafunsowa amangosintha manambala, mwana akaona la zaka kakhumi lina silingamuvute.

Madam wa Fomu 2:
A Sir musanawaunjikire mapepala fufuzani kaye pamene akugwera, chifukwa ana awiri atha kulephera funso limodzi pa zifukwa zosiyana kotheratu. Ine ndimagwiritsa njira ya Newman ija, Anne Newman wa ku Australia anaitulutsa mu 1977. Mumaitana mwana mmodzi, awerenge funso mokweza, kenako anene m'mawu ake kuti funso likufuna chiyani, kenako anene mmene apezere ansala, asove inu mukuona, pomaliza alembe ansala. Pamene wakakamira mpamene pali matenda. Anga ambiri amadutsa bwinobwino powerenga, amagwa posandutsa mawu kukhala equation, ndiye munthu wotereyu kumupatsa ma equation ena 50 oti asove sikumuthandiza chifukwa kusova amatha kale. Koma chenjerani, musachite izi pamaso pa kalasi yonse, mwana akachita chibwibwi anzake n'kumuseka sadzayankhulanso mpaka temu kutha.

Mphunzitsi Watsopano:
Ine ndinawapatsa ndandanda wa ma key words, more ndi kuphatikiza, less ndi kuchotsera, of ndi kuchulukitsa. Zikuoneka ngati zikuthandiza ndithu.

Madam wa Fomu 2:
Achimwene chonde ndandanda umenewo uchotseni pakhoma. Funso likati mtsikana ali ndi mabuku 15, which is 4 more than a mnzake, mwana wanu aona more aphatikiza apeza 19 pamene ansala ndi 11. Nanga 5 less than x? Amalemba 5 - x chifukwa akutsata mawu mmene abwerera, pomwe zoyenera ndi x - 5. Njira imeneyi imawaphunzitsa kusaka liwu limodzi m'malo mowerenga nkhani yonse, ikafika Fomu 4 kuichotsa m'mutu ndi ntchito yaikulu.

Mkulu wa Dipatimenti:
Zonsezo zili m'ma past paper. Akakumana ndi less than kangapo n'kulakwa n'kuchongedwa aziwa yekha.

Wakale Pantchito:
Nkhaniyi yandikumbutsa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kalekale, wanzeru zedi, pa algebra sankagwidwa. Funso la galimoto yopita pa 60 km/h n'kubwerera njira yomweyo pa 40 km/h, average speed iye anati 50 ndipo tinakangana mpaka belu kulira, anakana kuti walakwa. Ndinamuuza kuti asankhe yekha mtunda, anasankha 120 km, popita maola 2 pobwera maola 3, ndiye 240 kugawa ndi 5 anapeza 48 ndi dzanja lake lomwe, anakhala duu kuyang'ana pepala. Kuchokera tsiku limenelo funso lililonse ankayamba walowetsa nambala yeniyeni asanalembe x. Ndiye a Sir yesani zimenezo pa funso lanu la zaka, afunseni kuti mwana atakhala ndi zaka 10 bambo ali ndi zingati, nanga pakatha zaka 12 aliyense ali ndi zingati, aone okha kuti onse awiri akukula. Pa linear programming chimodzimodzi, x is at least twice y ambiri amalemba 2x ≥ y, koma akayesa y = 3 aona kuti x ayenera kuyambira pa 6 kupita m'mwamba ndiye x ≥ 2y. Chenjezo langa ndi loti ena akazolowera kuyesa manambala amasiyiratu kulemba equation, amangolemba ansala yokha pamayeso, malikisi a njira onse n'kutayika.

Sir wa Fomu 4:
Zoyesa nambalazo ndazimva bambo, ndiyesa Lolemba. Koma Madam za kuitana mmodzimmodzi ndi kalasi yodzadza ngati yangayi nthawi ndiipeza kuti? Piriyodi imatha ndisanafike n'kumbuyo komwe. A Mkulu wa Dipatimenti, ma past paper ndawapatsa kuyambira temu yoyamba, ndi omwewo alemba -12.

Mkulu wa Dipatimenti:
Ndiye kuti sanakwane. Onjezerani.

Madam wa Fomu 2:
Simukuyenera kuitana onse, tengani asanu kapena asanu ndi mmodzi, wamphamvu, wapakati, wofooka, chithunzi cha kalasi muchiona. Chinanso ine sindilola mwana kulemba x asanalembe chiganizo chonse, let x be the son's age now, osati let x be son. Liwu loti now limenelo ndi limene likanawapulumutsa ana anuwo. Kenako tebulo laling'ono, mzere wa bambo mzere wa mwana, mbali ina panopa mbali ina pakatha zaka 12, bulaketi imabwera yokha. Ndipo akapeza ansala abwerere nayo ku nkhani osati ku equation yawo, chifukwa -12 mu equation yolakwika imagwirizana bwinobwino. Polya, katswiri wa masamu amene analemba masitepe osovera mafunso, anaika kuyang'ana m'mbuyo ngati sitepe yachinayi koma ndi imene tonse timaidumpha belu likayandikira.

Wakale Pantchito:
Pa quadratic mpamene zimapweteka kwambiri. Rectangle mulitali kuposa mulifupi ndi 3 cm, area 40, mwana wavutika wapeza x(x + 3) = 40, wafakitoraiza bwino, 5 kapena -8, n'kusiya pomwepo onse awiri osanena kuti mulifupi sungakhale negative. Mtima umandiwawa ndikamachonga zoterezi chifukwa ntchito yovuta waigwira yonse. Komanso musamawamasulire funso lililonse m'Chichewa, m'kalasi amamva n'kugwedeza mutu koma muholo ya mayeso inu mulibemo. Amasulire okha, inu muzingomvetsera.

Mphunzitsi Watsopano:
Ine vuto ndimaliona kwa a Chingerezi, comprehension ana sakuitha. Bwanji osagwirizana nawo kuti azitengako mafunso athu m'piriyodi yawo?

Mkulu wa Dipatimenti:
A Chingerezi ali ndi silabasi yawo sangakulandireni. Ine ndanena kale, mwana amaphunzira kusambira ali m'madzi, ma past paper ndi nthawi yoyezera, mphindi zake zikatha kulanda pepala.

Wakale Pantchito:
Pa za nthawizo, ana anu mumawalola calculator pa ma test a m'kalasi? Anga akangoona manambala m'funso dzanja lili kale pa mabatani asanamalize kuwerenga. Ndayamba kuwauza kuti aziika pansi pa desiki mpaka equation italembedwa.

Mphunzitsi Watsopano:
Kwathu ena amabwerekana imodzi anthu atatu, ina n'kukhala ikuyeza ma angle mu radian m'malo mwa ma degree iwo osadziwa, trigonometry yonse kulakwa. A Sir wa Fomu 4, Lolemba lija zinayenda bwanji? Komanso amene ali ndi mafunso abwino a partial variation anditumizireko, ndikuyamba mawa.