Kodi n'koyenera kulipira madola 3,000 kuti ndikathandize midzi ya ku Nepal?

aPhiri, Mufakose:
Abale ndi alongo a m'gulu lino, ndikupempha nzeru zanu. Ndinapuma pantchito yokumba ndi kukonza mijigo kuno ku Zimbabwe chaka chatha, ndipo tsopano ndili ndi zaka 64. Ana anga amene ali ku Manchester akufuna kundigulira malo ku kampani ina imene imatumiza anthu achikulire aluso kukathandiza midzi ya ku Nepal pa nkhani za madzi ndi ukhondo. Mtengo wake ndi madola 3,000 a ku America kwa miyezi itatu, kuphatikizapo pogona, chakudya ndi womasulira, koma tikiti ya ndege, viza ndi inshuwaransi n'zapadera. Mtima wanga ukufuna, koma ndalamazi ana amazipeza movutikira.

aMbewe, Highfield:
Achimwene, ine ndikuti musagule. Munthu amene luso lake likufunikadi salipira kuti akagwire ntchito. Bungwe lotumiza anthu ongodzipereka la VSO, limene linayamba ku Britain mu 1958, limalipirira akatswiri ake ndege ndi nyumba ndipo limawapatsa kangachepe ka mwezi ndi mwezi. Nalonso bungwe la UN Volunteers, limene linakhazikitsidwa mu 1970 ndipo likulu lake lili ku Bonn, limapereka ndalama zokhalira. Kampani ikamakulipiritsani, ndiye kuti kasitomala wake ndinu, ndipo iwo adzayesetsa kukondweretsa inuyo kuposa mudzi umene mukupitawo. Kumbukiraninso mmene mapenshoni athu anasungunukira mu 2008. Ndalama zotere kwa ife si zoseweretsa.

Nabanda, Mabvuku:
AMbewe, zimene mwanenazo n'zoona, koma mwasiya mbali ina. Mabungwe amenewo nthawi zambiri amafuna munthu wa digiri, amatenga nthawi yaitali posankha, ndipo opikisana nawo ndi ambiri. Ena, monga Peace Corps ya ku America, amatenga nzika za dziko lawo zokha. Munthu wa luso la manja ngati aPhiri akhoza kudikira mpaka kutopa. Ine monga namwino wopuma ndaona anzathu ambiri akufooka msanga chifukwa chongokhala pakhonde popanda womufuna, choncho sindingaletse munthu amene akadali ndi mphamvu. Lillian Carter, mayi ake a Jimmy Carter amene anadzakhala pulezidenti wa America, anapita ku India kukagwira ntchito ya unamwino mu 1966 ali ndi zaka 68. Chokhacho ndikupempha n'chakuti muwerenge bwino pepala la inshuwaransi, chifukwa ambiri salipira matenda amene munali nawo kale monga BP ndi shuga, ndipo funsani ngati imakunyamulani kuchoka kumudzi wa kumapiri kufika kuchipatala chachikulu ku Kathmandu.

Yamikani, Chitungwiza:
Amalume, mundikhululukire kulowerera pa zokamba za akuluakulu, koma funso langa lili pa lusolo. Inu mumadziwa pampu ya mjigo ya Bush Pump, imene inayambira ku Plumtree kuno ku Zimbabwe mu 1933. Ndinakuonani tsiku lina mukungogwira chogwirira n'kumvera kulira kwa chipika chamtengo chija, n'kunena kuti zikopa za mu silinda zatha musanatulutse paipi ndi imodzi yomwe, ndipo zinalidi choncho. Koma m'midzi yambiri ya kumapiri a ku Nepal madzi amatsika okha ndi mapaipi kuchokera ku akasupe kupita m'mathanki, popanda pampu. Mijigo ili kwambiri kuchigwa cha Terai, kumene zitsime zake n'zosazama, mapampu ake ndi a mtundu wina, ndipo m'madera ena muli vuto la poizoni wa arsenic m'madzi. Ngati kampaniyo sinakufunseni kuti mumadziwa pampu yanji, ndiye kuti sikusamala za luso lanu, ndipo mukhoza kukathera miyezi itatu mukunyamula mchenga, ntchito imene mnyamata wa komweko akanalipidwa. Dziwaninso kuti mvula yawo imagwa kwambiri kuyambira June kufika September, ndipo misewu imatsekeka ndi kugumuka kwa nthaka.

aMbewe, Highfield:
Mwana uyu walankhula zanzeru. Mjigo umakhalitsa pamene komiti ya pamudzi ikusonkhetsa ndalama, pali munthu wophunzitsidwa kukonza, ndipo zida zosinthira zikupezeka pafupi. Zimenezi sizimangika pa miyezi itatu kudzera mwa womasulira. Bwanji osakwera basi yodutsa ku Nyamapanda ndi Tete n'kupita kwathu ku Malawi? Ku Phalombe ndi ku Mulanje namondwe wa Freddy anawononga zambiri mu March 2023. Mapampu a kumeneko a mtundu wa Afridev mungawazolowere msanga, mukalankhula ndi amfumu m'chinenero chanu, ndipo madola amenewo angagule zida zoukitsira mijigo ingapo. Ngakhale konkuno ku Harare, anthu a ku Glen View ndi Budiriro amene anavutika ndi kolera mu 2018 akudalirabe mijigo.

Nabanda, Mabvuku:
Apa pokha sindikugwirizana nanu. APhiri atumikira midzi ya kuno moyo wawo wonse, ndipo kufuna kukaona mmene anthu a dziko lina amasamalira madzi si mlandu. Ngati ana akupereka mphatso, aloleni alandire, bola adziwe kuti gawo lalikulu la chimene akugulacho ndi ulendo ndi maphunziro awo.

aPhiri, Mufakose:
Zikomo nonse. Funso la Yamikani landifika pamtima, chifukwa fomu yawo inangofunsa zaka zanga ndi zakudya zimene sindidya. Mawa ndiwalembera kuti andiuze dzina la mudzi ndi mtundu wa madzi amene ali kumeneko, bungwe la ku Nepal limene lapempha munthu wa luso langa, ndalama zingati mwa madola 3,000 zimafika kumudziko, ndi viza imene ndingagwirire ntchito movomerezeka. Ndipemphanso kulankhula ndi munthu wamsinkhu wanga amene anapitako. Ana ndawauza kuti asatumize kalikonse mpaka mayankhowo atabwera olembedwa. AMbewe, munditumizire nambala ya mlamu wanu wa ku Phalombe uja, ndimve kuti mijigo yakufa ili m'midzi iti.