Kodi gemu timaichonga bwanji? 7/10 ndi yabwino kapena yafoila?

Kadzidzi:
Anzanga a magemu tandithandizani nzeru. Ndayamba kulemba ma review a magemu omwe ndamaliza koma pomwe pakundivuta ndi pa malikisi. Ena amagawa zigawo, graphics pa 10, nkhani pa 10, sound pa 10, kaseweredwe pa 10, kenako nkuphatikiza nkupeza average. Ena amangoponya nambala imodzi kumapeto basi. Ndiye palinso izi zoti ukapatsa gemu 7 anthu amakudya wamoyo ngati waitukwana, chonsecho 7 pa 10 si yochuluka kale? Inu mumatani? Kapena ndingosiya za manambalazi ndizilemba mawu okha?

Gologolo_PC:
Aise zogawa zigawozo zisiye. Tetris ungaipatse zingati pa nkhani? Ziro eti, pa graphics mwina 2, ndiye average yakoyo izikuuza kuti ndi gemu yachabechabe pomwe anthu akhala akuisewera kuchokera zaka za m'ma 1980 osatopa nayo. Minecraft chimodzimodzi, timabokosi tokhatokha koma ana ndi akulu omwe sagona nayo tulo. Ine ndimadzifunsa kuti gemuyi imafuna kuchita chani ndipo yakwanitsa kapena ayi. Ya mpira ndiichonga pa momwe mpira ukuyendera ndikagwira controller, ya zoopsa ndiichonga ngati yandiopsezadi, sindingaichotsere malikisi chifukwa choti ilibe multiplayer.

Za 7 zo vuto si iwe. Pa Metacritic, website yomwe imasonkhanitsa malikisi a ma review ambiri nkupereka nambala imodzi pa 100, gemu imayamba kuoneka ya green (kutanthauza kuti ndi yabwino) ikafika 75, pomwe filimu imalowa green pa 61 pokha, ndiye anthu anazolowera kuti chilichonse cha pansi pa 75 ndi chokayikitsa. Komanso olemba ambiri kuyambira 5 kutsika pansi anasungira magemu osweka, osaseweretseka nkomwe, ndiye sikelo yonse inangopanikizana pakati pa 6 ndi 10. Zili ngati sukulu yoti pass mark ndi 70, wopeza 72 sangavine.

Nyenyezi_22:
Ine zosiya manambala nkumalemba mawu okhazo ndikutsutsako pang'ono achimwene. Mawu okha ndi abwino inde koma anthu ndi aulesi kuwerenga, amathamangira pansi kukaona nambala. Eurogamer, website ya ma review a magemu, inachotsa malikisi mu 2015 nkumangolemba kuti Essential, Recommended kapena Avoid, koma mu 2023 anabwereranso ku nyenyezi zisanu, mukuganiza kuti ndi chifukwa chani kkkk. Ndiye a Kadzidzi ikani nambala, bola isakhale ya madontho. Zoti 8.3 ndi 8.6, kusiyana kwake ndi kotani? Palibe munthu angakufotokozere. Ngakhale IGN, website inanso ya magemu, inasiya madontho amenewa mu 2020 pano ndi 1 mpaka 10 basi. Ine ndimakonda nyenyezi zisanu chifukwa 3 pa 5 munthu sapsa nayo mtima ngati 6 pa 10, chonsecho ndi zofanana.

Chinanso lembani penapake kuti kwa inu 7 ikutanthauza chani, ndipo muzitsatira zomwezo nthawi zonse, osati lero 7 ndi "gulani" mawa 7 ndi "isiyeni".

MkuluWaMagemu:
Ana inu musaiwale kuti nambalayi ena amadyera pomwepo. Fallout: New Vegas inapeza 84 pa Metacritic, ndipo a Obsidian, omwe anapanga gemuyi, bonus yawo imayenera kubwera pokhapokha ikafika 85. Anaiphonya ndi imodzi yokha. Sindikunena kuti uziwamvera chisoni opanga magemu nkumawawonjezera ai, koma usamangoponya nambala chifukwa wakwiya ndi bwana (mdani wamkulu wa mu gemu) wa pa level 3 yemwe wakupha kambirimbiri.

Koma chachikulu chomwe palibe wanena pano ndi ichi, lemba kuti waisewera pa makina ati ndipo liti. Cyberpunk 2077 itatuluka mu December 2020 ma review oyamba anali a pa PC ndipo inakhoza bwino, koma omwe anagula ya PS4 anakumana ndi zina, ma bug (zolakwika za mu gemu) ponseponse, kudukaduka, mpaka Sony inaichotsa pa PlayStation Store ndipo inabwereramo mu June 2021. Dzina limodzi koma magemu awiri osiyana. Ndiye munthu akandiuza kuti "Cyberpunk ndi 9" osanena kuti pa chani komanso chaka chiti, sanandiuze kanthu. No Man's Sky nayo ya 2016 ndi ya pano sizifanana, anaikonza ndi ma update mpaka omwe ankaitukwana anayamba kuitama.

Uzinenanso ngati unaimaliza. Palibe chonyansa ngati review ya gemu yaitali ya nkhani (RPG) yolembedwa ndi munthu yemwe wangoona poyambira pokha. Apa Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a PC, inaganiza bwino, pa review iliyonse pamaoneka maola omwe munthuyo wasewera, ndipo imasiyanitsa ma review a posachedwa ndi onse.

Kadzidzi:
Zikomo akuluakulu, za zigawo ndazitaya. Koma bwana Mkulu, ndiye kuti gemu akaikonza ndi patch ndizibwerera kukasintha nambala? Chifukwa magemu a masiku ano sakutha kusintha, mwezi uliwonse update, ndikhala ndikuchonga gemu imodzimodzi mpaka kukalamba.

MkuluWaMagemu:
Ayi usafufute yakaleyo, amene anagula tsiku loyamba ndi zomwe anapeza zimenezo. Ungowonjezera pansi ndi deti kuti pano zasintha apa ndi apa. Ngati yasinthiratu lemba review ina.

Gologolo_PC:
Apo ndiye sindikuvomereza akulu. Munthu akusaka review lero akufuna kudziwa za gemu yomwe agule lero, akaona 5 pamwamba watseka kale, zapansizo sazifika. Yatsopano ikhale pamwamba, yakale pansi. Komanso mukawazoloweza opanga magemu kuti malikisi amasintha azingotulutsa zosapsa nkumati tikonza mtsogolo, ndiye apa ngakhale ine ndikudzitsutsa ndekha kkkk. Kadzidzi gemu yoyamba yomwe ukufuna kuchonga ndi iti, tiione kaye tisanakangane zambiri.